Kugula mfuti yoyamba yosakira ku Joni ndi ndalama zochepa

Ndakhala zaka zambiri pa famu ya nyama zakutchire kuno ku Limpopo, ntchito yanga kutsata mapazi ndi kusenda. Chisanu chikangoyamba mu Meyi alenje ofuna nyama ya biltong, nyama youmitsa ija, amayamba kufika, ndipo mpaka Ogasiti sitipuma. Pa mafamu a kuno mlenje aliyense amauzidwa lamulo limodzi asanatuluke pamsasa: magazi akaoneka pansi, nyamayo mwaigula, kaya ipezeka kaya sipezeka. Amene amawerama n'kumatsata timadontho ta magazito m'minga ndine. Ndinalondolapo ngoma yothyoka mwendo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo mwini chipolopolocho anali atanyamula mfuti ya mtengo woposa malipiro anga a chaka chathunthu. Mfutiyo inalibe vuto. Sikopu, galasi lolozera limene limamangidwa pamwamba pa mfuti, inali itasuntha, ndipo iye anali asanawombepo chandamale chiyambire chaka.

N'chifukwa chake abale akandifunsa kuti agule mfuti iti ndi ndalama zochepa, ndimawauza kuti mfuti zotsika mtengo za masiku ano zimalunjika kuposa mmene ambirife timathera kuwomba. Ndalama yanu isathere pa dzina lodindidwa pachitsulo. Ndikunena za mfuti ya bolt action, ija mumakweza kachitsulo ka m'mbali, kotchedwa bolt, n'kukakokera m'mbuyo kuti chikhungwa cha chipolopolo chowombedwa chituluke, kenako n'kukakankhira kutsogolo kuti chilowe china. Ili ndi zitsulo zoyenda zochepa, siiwopa fumbi, ndipo mukachotsa bolt mumaona m'kati mwa mpope ndi maso anu.

Choyamba: mapepala

Ku South Africa za mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Control Act la mu 2000. Musanalandire layisensi mumafunika chiphaso chosonyeza kuti ndinu woyenera kugwira mfuti, chimene amati competency certificate. Chimaperekedwa kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, amene ndi nzika kapena ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Ambiri a ife timakanirira pamenepa, chifukwa pemiti ya ntchito siikwanira. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, musafunefune njira yachidule. Mfuti yogula kuseri mathero ake ndi ndende. Lamulo limalola kuti muwombe mfuti ya munthu wa layisensi iye ali pambali panu akukuyang'anirani, ndipo mungaphunzire zambiri mwa njira imeneyo pamene mukudikira mapepala anu.

Amene muli oyenerera, mumayamba mwaphunzira kwa mphunzitsi wovomerezeka, mbali ya lamulo ndi mbali yogwira mfuti ya mtundu umenewu. Mukakhoza mumatenga satifiketi kupita nayo kupolisi ya m'dera lanu kwa wapolisi woona za mfuti, amene onse amangoti DFO, n'kudzaza fomu ya SAPS 517 ndi kudinda zala. Layisensi ya mfutiyo ili ndi fomu yake, SAPS 271, imene imafuna nambala ya mfuti imene mwasankha pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukuifunira. Mlenje wa apo ndi apo amapempha pa ndime 15 ya lamuloli, layisensi yake ndi ya zaka 10, ndipo amaloledwa kusunga zipolopolo zosaposa 200 pa mfutiyo. Kunyumba kukhale sefu yovomerezeka ndi SABS, bungwe loona za miyezo ya katundu, yomangidwa kukhoma kapena pansi, chifukwa apolisi amabwera kudzaiona.

Gwirani mfundo iyi: mumalipira mfuti, koma imatsala m'sefu ya wogulitsa kwa miyezi mpaka layisensi itatuluka, ndipo layisensiyo ndi ya nambala imodzi yokhayo. Mukadzaona kuti munalakwitsa posankha, za layisensi mumayambiranso. Mfuti si foni yoti mugulitsa pa Facebook mawa n'kugula ina.

Kwa amene mukuganiza zodzapita nayo kumudzi, layisensi ya ku Joni imathera pamalire. Ku Malawi chilolezo cha mfuti chimachokera kupolisi ya komweko, ndipo kupha nyama ku Liwonde, ku Majete, ku Kasungu kapena ku Nkhotakota ndi mlandu waukulu. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, chilango chimatha kufika zaka 30.

Chachiwiri: sankhani chipolopolo musanasankhe mfuti

Dzifunseni kuti mudzasaka chiyani ndiponso kuti. M'tchire la Limpopo, m'mitengo ya tsanya ndi minga, nyama imaoneka pafupi, ndipo nthawi zambiri mumawomba pa mtunda wosafika mamita 150. Ku Karoo ndi ku Free State ndi pambalambanda, agwape a springbok ndi blesbok amakuonani muli kutali, ndipo mamita 200 kapena 300 si achilendo. Munthu wofuna nyama ya m'nyumba amasaka kwambiri nswala, zimene kuno amati impala kapena rooibok, komanso njiri, ndipo thumba likalola ngoma kapena nyumbu.

Pa nyama zonsezi ine ndimati .308 Winchester. Inatuluka mu 1952, ndipo lero palibe sitolo ya mfuti ku South Africa imene mungalowe n'kuisowa. Mutu wa chipolopolo wa ma grain 150 (grain ndi muyezo wa kulemera kwake) umakwanira nswala ndi njiri, wa 165 kapena 180 umagwetsa ngoma ndi nyumbu ukalowa pamalo pake. Siimenya phewa mpaka kukuchititsani mantha. Zipolopolo zake zimapangidwa ndi makampani ambiri, kuphatikizapo PMP ya ku Pretoria ndi Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, motero mumapeza zotsika mtengo zophunzirira.

Mkulu wake ndi .30-06 Springfield ya mu 1906. Imanyamula bwinoko mitu yolemera, ndiye ngati mumalota ntchefu tsiku lina, tengani imeneyo, ngakhale imakankha mochulukirapo pang'ono. .270 Winchester ya mu 1925 imayenda mowongoka pa mtunda wautali ndipo imakondedwa kuchigwa chopanda mitengo. 7x57 Mauser, imene Mabunu anamenyera nkhondo ya 1899 mpaka 1902, ndi yofatsa paphewa ndipo imalowa mozama, kungoti zipolopolo zake sizichuluka mitundu m'masitolo ang'onoang'ono. 6.5 Creedmoor ya mu 2007 yafala kwambiri pakati pa achinyamata ndipo imalunjika bwino, koma pa nyumbu ndimafuna mutu wolemerako. .243 Winchester ndi yabwino pa nswala ndi springbok. Pa ngoma ndi nyumbu ndaiona ikuvulaza kambiri, ndipo amene ali ndi ndalama ya mfuti imodzi yokha sindimulangiza imeneyo.

Za magnum, zipolopolo za onga wambiri, zisiyeni kaye. .300 Winchester Magnum imadya ndalama pa chipolopolo chilichonse, ndipo imaphunzitsa munthu kutsinzina ndi kudzidzimuka asanakoke n'komwe thiriga, kachitsulo kaja mumakoka ndi chala powomba. Nyama zambiri zimene ndatsata zitawombedwa m'mimba zinawombedwa ndi anthu oopa mfuti zawo zomwe. .375 H&H ndi ya njati, ndipo njati si nyama ya mlenje woyamba.

Musanatsimikize, lowani m'sitolo ya m'tauni yaing'ono kufupi ndi kumene muzikasaka, mufunse mtengo wa bokosi la zipolopolo 20 za mtundu uliwonse umene mukuuganizira. Mtengowo muuchulukitse kasanu. Zipolopolo 100 ndiye zochepetsetsa zimene muyenera kuwomba pachandamale m'chaka choyamba.

Chachitatu: gawani ndalama

Chotsani kaye za maphunziro, za mapepala ndi za sefu. Zotsalazo ine ndimagawa chonchi: theka ku mfuti, gawo limodzi mwa magawo anayi ku sikopu ndi mphete zake zomangira, ndipo gawo lotsala ku zipolopolo, lamba wonyamulira, chikwama, zotsekera m'makutu ndi ndodo yotsukira mpope. Mukaona kuti mfuti imene mtima wafuna ikudya gawo la sikopu, itsitseni mfutiyo.

Chachinayi: yatsopano kapena ya kaunjika

Mwa zatsopano, imene ndimaitchula poyamba ndi Howa 1500 ya ku Japan. Kampani yomweyi ndi imene imapangira Weatherby mfuti ya Vanguard. Chitsulo chake ndi cholimba, thiriga yake ndi yabwino kuchokera m'bokosi, ndipo amisiri a mfuti kuno amaidziwa bwino, zida zake zosinthira n'zosasowa. Ndi yolemerako, ndipo kulemerako kumachepetsa kumenya kwa paphewa. Chofooka chake chimakhala thupi la pulasitiki lophimbidwa ndi labala limene zotsika mtengo zimabwera nalo: kutsogolo limapindika mukalitsamiritsa mwamphamvu, n'kukhudza mpope. Limasinthika mtsogolo mukapeza ndalama, ndipo kusinthako sikufuna layisensi yatsopano.

Savage Axis ndi yotsikirapo mtengo. Maonekedwe ake sakopa munthu ndipo bolt yake imalimba pokweza, koma imalunjika. Mukaifuna funani Axis II, imene ili ndi thiriga yotchedwa AccuTrigger, yopepuka ndi yosinthika. Ruger American, imene inatuluka mu 2012, ndi yopepuka ponyamula tsiku lonse, ndipo bolt yake imakwera pang'ono chabe moti chala sichigunda sikopu. Tikka T3x ya ku Finland imaposa zonsezi pa kusalala kwa bolt ndi ukhondo wa thiriga, koma mtengo wake uli pamwamba ndipo magazini yake yapadera, kabokosi kolowetsamo zipolopolo, ndi yodula mukaitaya m'tchire. Mauser M18 ya ku Germany ndi Bergara B14 ya ku Spain zili m'gulu lomwelo lapakati. Ngati mumawombera kumanzere, Tikka ndi Savage amapanga za amanzere, ndipo ndi bwino kudikira imeneyo kusiyana n'kuvutika zaka 10.

Mtima wanga komabe uli ku kaunjika, chifukwa South Africa ndi yodzaza ndi mfuti zakale zabwino zimene eni ake anakalamba kapena anamwalira, ndipo zimagona m'masefu a ogulitsa. Muzifunsa Brno ZKK 600 ndi 601, CZ 550, ndi Musgrave, imene ndi ya konkuno. Zambiri mwa izi zimatsata kapangidwe ka Mauser ka mu 1898, kokhala ndi chikhadabo chachikulu chimene chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'magazini n'kusachitaya mpaka chitawombedwa. Pa Brno ZKK samalani zinthu ziwiri. Pa zambiri, kachitsulo kotsekera, koletsa mfuti kulira mwangozi, kamayenda mosemphana ndi mfuti zina: mumakakokera m'mbuyo kuti muwombe. Komanso pamwamba pake pali mipata yakeyake yofuna mphete za sikopu za mtundu wa CZ, osati zilizonse.

Pali .303 Lee-Enfield, mfuti imene agogo athu ananyamula mu King's African Rifles, aja chipilala chawo chili ku Zomba. Imapezeka motsika mtengo kuposa zonse, imatenga zipolopolo 10, ndipo yadyetsa mabanja ambiri m'dziko lino. Ndimailemekeza. Koma zambiri zinawombedwa ndi zipolopolo zakale za asilikali zimene zinkasiya mchere wodya chitsulo m'kati mwa mpope, ndipo kumangapo sikopu kumafuna mmisiri ndi ndalama zina. Mukapeza ya mpope wowala, ndipo maso anu akadali akuthwa moti n'kuwomba popanda sikopu pa mamita 80, itengeni. Apo ayi, ndalama yoikonzera idzafanana ndi ya Howa.

Mukakumana ndi Remington 700 yakale, funsani za thiriga. Kampaniyo inaitanitsa mu 2014 mfuti za thiriga ya X-Mark Pro zopangidwa kuyambira 2006 mpaka 2014, chifukwa zina zinkatha kulira zokha. Mufunse ngati inakonzedwa kapena kusinthidwa.

Chachisanu: kuyendera mfuti yakale

Apa musathamange. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ndaonapo mfuti ya thabwa lopakidwa bwino lonyezimira, mpope wake uli ngati paipi ya madzi yokumbidwa pansi.

Tsimikizani nokha kuti mulibe chipolopolo, ngakhale wogulitsa atanena kuti mulibe. Chotsani bolt, pititsani kansalu kouma mumpope, muloze mpopewo kowala n'kusuzumira kuchokera kumbuyo. Mizere yozungulira ya m'katimo ioneke yakuthwa kuyambira poyambira mpaka kumapeto. Yang'anitsitsani chigawo choyambirira, patsogolo penipeni pa malo ogona chipolopolo, chifukwa moto wa onga umayamba kudya pamenepo. Pakaoneka pakuda, posalala ngati mizere yafufutika, mpopewo watopa. Timaenje ta dzimbiri tochepa chapakati mfuti yosakira imatha kupirira, koma kumlomo ayi. Mlomo wa mpope ukhale wozungulira bwino wopanda chibanthu, pakuti ndi pamene chipolopolo chimatsanzikana ndi mfuti, ndipo kachilema kakang'ono pamenepo kamachipatutsa. Mwayi wake, mlomo mmisiri amaukonza motsika mtengo, ndiye chilema chimenecho chikhale chonenerera mtengo.

Thabwa muliyang'ane kumbuyo kwenikweni kwa chitsulo ndi pogwira dzanja lamanja, m'mene ming'alu imayambira. Pa mfuti zimene zinali za asilikali, nambala ya pa bolt ifanane ndi ya pa thupi la mfuti. Zikasiyana, mmisiri ayeze ndi zida zake mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi malo ogona chipolopolo, umene amati headspace. Mpatawo ukakula, chikhungwa chimatanuka ndipo chingathe kuphulikira kumaso kwanu. Kunena zoona, mfuti yakale iliyonse ndi bwino ipite kwa mmisiri musanalipire, ndipo wogulitsa wokana zimenezo mumusiye.

Kenako yesani chotsekera. Mfuti ili yopanda kanthu, yolozetsedwa kopanda anthu, ikokeni ndi bolt ngati mukufuna kuwomba, tsekani chotsekera, kanikizani thiriga mwamphamvu, chotsani chala, tsekulani. Isalire. Ikokeninso, mugunditse thako lake pansi pa mphasa kapena kapeti. Isalire. Tsekani bolt mwamphamvu kangapo. Ikangolira kamodzi pa mayeso amenewa, wina anaseweretsa thiriga, ndipo mfuti imeneyo ndi yoopsa mpaka itakonzedwa. Pomaliza pemphani zipolopolo zachabe zoyesera, mudzaze magazini, muone ngati zonse zikulowa ndi kutuluka popanda kukakamira.

Wogulitsa akakhala ndi malo owombera, pemphani kuwomba zitatu pa mamita 100. Ngakhale mulipire zipolopolozo, palibe ndalama imene mudzaigwiritse bwino kuposa imeneyo.

Chachisanu ndi chimodzi: ikukwanani?

Valani jekete imene mumavala m'mawa wa Juni. Tsinzinani, kwezani mfuti paphewa, gonekani tsaya, tsegulani maso. Diso likhale pamzere wa sikopu popanda kusuntha mutu. Ambiri a ife si aatali ngati anthu amene mfutizi anawayezera, ndipo thako lalitali limakola m'khwapa nthawi imene ngoma yaima masekondi atatu okha. Thabwa limadulika, ndipo mfuti zina zapulasitiki zili ndi tizidutswa tochotseka. Kulemera kwa mfuti pamodzi ndi sikopu kukakhala pafupi ndi makilogalamu 4, mudzayenda nayo tsiku lonse ndipo siidzakumenyani kwambiri.

Ngati mitengo ikufanana, sankhani ya mpope wokhala ndi mazinga kumlomo omangirapo chochepetsa phokoso. Kuno chochepetsa phokoso sichifuna layisensi yapadera, ndipo mafamu ambiri amachikonda chifukwa nyama sizibalalika. Chimateteza makutu anu ndi a wotsata mapazi amene waima pambali panu, komanso chimachepetsa kukankha.

Chachisanu ndi chiwiri: sikopu ndi mphete zake

Ya 3-9x40, yokuza chithunzi kuyambira katatu mpaka ka 9, imakwanira ulenje wonse umene ndatchula. Musakopeke ndi yokuza ka 24 yokhala ndi mawilo ambiri pa mtengo wotsika, chifukwa ndalama inathera pa mawilowo osati pa galasi. Ngoma imatuluka m'bandakucha ndi chisisira, ndiye sikopu muiyesere panja madzulo, muyang'ane mumthunzi wa mtengo. Ikhale yoti diso lili kutali ndi galasi masentimita 8 kapena 9 mukuonabe chithunzi chonse, kuopa kuti ingakutemeni pachikope. Funsani ngati ili ndi chitsimikizo cha kampani ndiponso amene amaikonza m'dziko muno. M'tchire muziyenda nayo ili pa 3 kapena 4. Ndaona alenje akusowa nyumbu yathunthu pa mamita 40 chifukwa sikopu inali pa 9, akungoona ubweya.

Mphete zomangira ndi zimene anthu amaumira, ndipo ndi zimene zinathyola mwendo wa ngoma ija. Gulani zabwino, mmisiri amange ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo pakatha zipolopolo 20 zoyamba muyang'anenso zomangira zonse.

Chachisanu ndi chitatu: layisensi yatuluka

Pukutani mafuta a kufakitale mumpope musanawombe. Kumalo owombera, gonekani mfuti pa matumba a mchenga, chotsani bolt, suzumirani mumpope mpaka chandamale cha pa mamita 25 chikhale pakati, ndiye tembenuzani mawilo a sikopu kuti mtanda wa m'sikopu ufike pomwepo mfuti isanasunthe. Wombani chimodzi kuti muone kuti muli papepala, kenako pitani pa mamita 100. Muziwomba zitatuzitatu, mpope uzizizira pakati, ndipo muzikonza potsata pakati pa mabowo atatuwo. Pa sikopu zambiri kudina kamodzi kumasuntha pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100, pa zina sentimita imodzi, ndipo zalembedwa pa wilo.

Gulani mitundu iwiri kapena itatu ya zipolopolo zosakira, chifukwa mfuti iliyonse ili ndi chimene imakonda. Mafakitale ambiri a mfuti amalonjeza mabowo atatu m'kati mwa masentimita 3 pa mamita 100, koma yanu ikamapanga 4 kapena 5 musadandaule: mapapo ndi mtima wa nswala ndi malo aakulu ngati mbale ya ndiwo. Mukapeza mtundu umene ikuukonda musasinthenso. Pa .308, mabowo akakhala masentimita 4 pamwamba pa pakati pa mamita 100, mungaloze molunjika mpaka chapafupi ndi mamita 200.

Zikatero chokani patebulo. M'tchire mulibe tebulo. Dulani ndodo zitatu zowongoka, muzimange ndi mphira wa chubu chakumtunda, muphunzire kuwomba mutaimirira mfuti itagona pamphanda, komanso mutakhala pansi zigongono zili pamawondo. Ikani mbale ya pepala pa mamita 50, kenako 100, kenako 150. Mtunda umene mumalasa mbaleyo kasanu pa kasanu ndiwo malire anu, ndipo mukafika pafamu mumuuze wotsata mapazi mtundawo kuti akusendezeni pafupi. Nyama ikaima chopingasa, kwerani ndi mtanda potsata mwendo wakutsogolo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi. Nyama za kuno mtima ndi mapapo zili kutsogolo, pakati pa mapewa, ndipo pa nyumbu linunda limanyenga anthu kuti aloze m'mwamba. Mukawomba kokani bolt nthawi yomweyo mfuti ili paphewa, maso ali pa nyama, ndipo muloweze mtengo kapena chulu pamene inaima, chifukwa ndi pamene ine ndidzayambire kuyang'ana magazi.